Ana otupa matumbo: boma ligule mankhwala odulawo, koma liyambe lapima TB

Pa Mukwa Road, m'dera la mafakitale la Heavy Industrial Area mu Lusaka, pali nyumba zosungiramo mankhwala za bungwe la ZAMMSA, lomwe kale tinkalitcha Medical Stores. Malole opereka mankhwala ku zipatala za boma m'zigawo zonse za Zambia amanyamukira pamenepo. Kum'mwera kwake kuli Kanyama, chakumpoto kuli Matero ndi George, ndipo abambo ndi amayi ambiri amene amalawira mbandakucha kukagwira ntchito m'mafakitale amenewa amagona m'makomboni omwewo. Ndemanga yanga lero ikukhudza mtundu umodzi wa mankhwala, ofunika kwa ana ochepa kwambiri, amene ndikuti ayenera kukhala ndi malo otsimikizika m'chipinda chozizira cha pa Mukwa Road. Madokotala amawatcha ma biologic, ndipo awiri odziwika kwambiri ndi infliximab ndi adalimumab. Ndi odula, ali ndi zoopsa zake, ndipo m'dziko la TB ngati lathu akhoza kupha mwana ngati aperekedwa mwachisawawa. Komabe ndikunena kuti boma liwagule, liwapereke pa malo amodzi odziwa ntchitoyi, kwa ana okhawo amene apimidwa mokwanira, ndipo likayamba lisadukize.

Matenda amene tikukamba ndi otupa matumbo kwa nthawi yaitali, amene m'mabuku a zachipatala amawafupikitsa kuti IBD. Ali mitundu iwiri ikuluikulu. Wina ndi matenda a Crohn, otchulidwa dzina la dokotala wa ku New York, Burrill Crohn, amene pamodzi ndi anzake anawafotokoza mu 1932. Amenewa angagwire paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira chimbudzi, ndipo zilonda zake zimalowa mkati mwa khoma la thumbo mpaka kuboola. Winawo ndi ulcerative colitis, wogwira thumbo lalikulu lokha. Si matenda opatsirana, si njoka za m'mimba, ndipo sachokera kwa mfiti. Chitetezo cha m'thupi, chomwe ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimatembenukira matumbo a mwini wake n'kumawakanda osalekeza. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse odwala matendawa amayamba kudwala asanakwanitse zaka 20, ndipo kwa mwana chiwonongeko chake chimapitirira pamimba. Msinkhu umaima, magazi amachepa, kutha msinkhu kumachedwa, sukulu imathera m'njira ya kuchimbudzi.

Taganizirani buku la kuchipatala la mwana wotere m'komboni, kabuku kaja kofewa ndi thukuta kamene mayi amakamangirira pa nsonga ya chitenje. Tsamba loyamba: kutsekula m'mimba, ORS ndi zinki. Tsamba lachiwiri: kamwazi, Flagyl. Lachitatu: mankhwala a njoka. Lachinayi: Flagyl kachiwiri, ndi mapiritsi owonjezera magazi. Ofesala wa pa kiliniki sanalakwe tsiku lina lililonse mwa masiku amenewa, chifukwa ku Chawama kapena ku Mtendere mwana akamachita chimbudzi cha magazi, kawirikawiri chimakhaladi chifukwa cha tizilombo ta m'madzi ndi m'zakudya. Cholakwika chimaoneka pokhapokha munthu atawerenga masamba onse pamodzi n'kuona kuti sikelo yakhala ikutsika kwa chaka chathunthu, kuti nsapato za chaka chatha zikumukwanabe, kuti pafupi ndi kotulukira chimbudzi pali kachilonda kotulutsa mafinya kosapola. Pamzere wa anthu mazana palibe amene ali ndi nthawi yowerenga masamba onse. Ndiye chinthu choyamba chimene mwanayu akusowa ndi lamulo losavuta kulitsatira pa zipatala za Kanyama, Matero, Chawama, Chilenje ndi Chipata: mwana wochita magazi kwa milungu ingapo, woonda, wosamva mankhwala a tizilombo, atumizidwe ku chipatala cha ana cha UTH, asalembedwenso Flagyl kachitatu.

Matendawa akadziwika, mankhwala amene amapezeka msanga ndiponso otchipa ndi prednisolone. Amathandizadi, amazimitsa moto m'masabata ochepa, ndipo makolo amaona mwana akudya nsima n'kuthokoza. Vuto lake ndi loti si mankhwala okhala nawo. Mwana akawamwa miyezi yambiri nkhope imatupa, mafupa amafooka, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimakwera, ndipo msinkhu womwe matendawo anaimitsa kale umaimiratu. Akasiya, moto umayakanso. Pali azathioprine ndi methotrexate othandiza kuti matenda asabwerere, pali mesalazine ndi sulfasalazine othandiza kwambiri pa ulcerative colitis yosafika poipa, koma pali ana ena amene zonsezi siziwagwira. Pali amene thumbo laboola kale, pali amene afika zaka 14 akuoneka ngati a zaka 9. Kwa ana amenewa njira zotsala ndi ziwiri: mpeni wa dokotala wodula thumbo, kapena ma biologic. Kukula kwa mwana kuli ndi nyengo yake ngati chimanga. Mafupa akatsekeka, msinkhu umene unatayika subweranso ngakhale mankhwala atafika mawa lake.

Ma biologic ndi mapuloteni opangidwa ndi maselo amoyo m'mafakitale apadera, ndipo n'chifukwa chake sali ngati panado amene mungamusiye pa windo. Infliximab ndi adalimumab amagwira kanthu kena ka m'thupi kotchedwa TNF, kamene kamakolezera kutupa, n'kukamanga manja. Infliximab anavomerezedwa ku America mu 1998 kwa akuluakulu odwala Crohn, ndipo mu 2006 kwa ana a zaka 6 kupita m'tsogolo. Pa kafukufuku wotchedwa REACH, amene anafalitsidwa mu 2007, ana 112 odwala Crohn yovuta anapatsidwa mankhwalawa, ndipo pofika sabata la 10 ana pafupifupi 88 pa 100 alionse anali atayamba kupeza bwino, oposa theka matenda atagoneratu. Ambiri anayambanso kukula. Kafukufuku wina wa ana 100, wotsogoleredwa ndi madokotala a ku Netherlands, wotchedwa TISKids, anaonetsa kuti kwa ana odwala kwambiri kuyamba ndi infliximab msanga kumapoletsa matumbo bwino kuposa kudikira kuti mankhwala akale ayambe alephera. Umboni woti mankhwalawa amagwira ntchito ndi wokwanira. Funso lathu ife a ku Lusaka ndi lina: kodi amachita chiyani m'thupi la mwana amene amagona chipinda chimodzi ndi agogo otsokomola?

Apa m'pamene mtima wanga umagunda, ndipo apa m'pamene aliyense wofuna mankhwalawa ayenera kulankhula zoona. TNF yemweyo amene amakanda matumbo ndi amene amamanga mpanda wotsekera tizilombo ta TB m'thupi. Anthu ambiri kwathu kuno ali ndi TB yogona, yosawadwalitsa, chifukwa mpandawo ndi wolimba. Mukamanga manja TNF, mpanda umagumuka. Mu 2001 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inafalitsa nkhani ya anthu 70 amene anadwala TB atalandira infliximab, ambiri patangopita miyezi yochepa, ndipo mwa oposa theka TB-yo inali kunja kwa mapapo, kumene imavuta kuipeza. Ambiri a iwo anali a m'mayiko amene TB ndi yosowa. Zambia ili pa mndandanda wa WHO wa mayiko 30 amene ali ndi mtolo waukulu wa TB. Choopsa chachiwiri ndi chobisika kuposa choyambachi. TB ya m'matumbo imafanana ndi Crohn ngati mapasa: imagwira malo omwewo pamene thumbo laling'ono limakumana ndi lalikulu, imaondetsa, imatenthetsa thupi, ndipo ngakhale pa makina oonera tizinthu ting'onoting'ono zilonda zake zimasokoneza akatswiri. Mwana wa TB ya m'matumbo amachira ndi mankhwala aulere a miyezi 6. Mwana yemweyo mukamuyesa wa Crohn n'kumupatsa infliximab, mwatsegulira TB khomo lopita ku ubongo. Walira mvula walira matope, ndipo matope a mvula iyi ndi TB.

Ena akamva zimenezi amati basi nkhani yathera pomwepa, mankhwala amenewa si a kuno. Ine sindikuvomera. Ku India ndi ku South Africa TB ndi yochuluka, koma madokotala akumeneko amagwiritsa ntchito mankhwalawa, ndipo anaphunzira ndondomeko yake movutikira. Mwana ayambe waunikidwa m'matumbo ndi kapaipi ka kamera, achotsedwe tinyama toti tikapimidwe, tina tipite pa makina a GeneXpert amene tili nawo kale m'zipatala zathu chifukwa cha nkhondo yolimbana ndi TB. Ajambulidwe pachifuwa, apimidwe pakhungu kapena m'magazi ngati ali ndi TB yogona, afunsidwe za aliyense wotsokomola pakhomo. Apimidwe HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, aonedwe ngati analandira akatemera onse, chifukwa akatemera a tizilombo tamoyo saperekedwa mankhwalawa akayamba. Pamene chikaiko chatsala, madokotala a m'mayiko a TB amayamba ndi mankhwala a TB kwa miyezi iwiri kapena itatu n'kuunikanso: TB imapola, Crohn siipola. Amene wapezeka ndi TB yogona amayamba wamwa mankhwala oiteteza. Ndipo kupima sikuthera tsiku loyamba, chifukwa mwana wa ku George amakwera minibasi yodzaza tsiku ndi tsiku, ndipo akhoza kutenga TB yatsopano chaka chachiwiri. Ntchito yonseyi singachitikire pa kauntala ya famase. Imafuna gulu limodzi la madokotala a ana, a matumbo, a TB ndi a ku labu, odziwa ana awo ndi mayina. N'chifukwa chake ndikuti boma ndilo lisenze nkhaniyi. Mankhwala oopsa akasiyidwa m'manja mwa msika, amene ali ndi ndalama amawapeza popanda kupimidwa mokwanira, ndipo amene alibe amangowamva dzina.

Luso loyambira lilipo. Ku sukulu ya udokotala ya University of Zambia kuli gulu la TROPGAN, limene Pulofesa Paul Kelly ndi Dokotala Beatrice Amadi akhala akugwira nalo ntchito younika matumbo a ana ndi akuluakulu kwa zaka zambiri, makamaka a ku Misisi. Kafukufuku wawo waonetsa mmene matumbo a ana okulira pa malo a ukhondo wochepa amaperepesekera ndi kutupa chifukwa chomeza tizilombo tsiku ndi tsiku. Zimenezi zili ndi tanthauzo pa nkhani yathu: kupima chimbudzi kofufuza kutupa, kumene ku Ulaya kumathandiza kusankha ana oyenera kuunikidwa, kuno kukhoza kukwera pa zifukwa zina zambiri, choncho diso la katswiri wodziwa matumbo a ana a kwathu silingalowedwe m'malo ndi buku lolembedwa ku London.

Tsopano za kusadukiza, zimene kwa ine n'zofunika mofanana ndi za TB. Infliximab amabwera ngati ufa woyera m'kabotolo kagalasi ka mamiligalamu 100, kotalika ngati chala, kosungidwa pa kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Nesi amausungunula, kuuthira m'thumba la dripi, ndipo mwana amakhala pampando pafupifupi maola awiri. Amalandira tsiku loyamba, pa sabata lachiwiri, pa sabata la 6, kenaka masabata 8 alionse. Adalimumab ndi jakisoni wa pakhungu wa masabata awiri alionse, amene m'mayiko ena makolo amabaya okha kunyumba, koma amafunanso firiji. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, pamene malaiti ankabwera maola atatu okha patsiku m'madera ambiri. Firiji ya m'nyumba ya ku Kalingalinga, ngati ilipo n'komwe, sikanasunga jakisoni ameneyu. Ndipo mankhwalawa akamaperekedwa modumphadumpha, thupi limayamba kuwaona ngati mdani, limapanga asilikali olimbana nawo, ndiye tsiku lowabwereza mwana akhoza kubanika pa dripi pomwepo, kapena mankhwalawo osagwiranso ntchito mpaka kalekale. Banja limene lagulitsa kantemba, lasonkhetsa achibale ndi a kumpingo n'kugula madripi atatu oyamba, kenaka ndalama n'kutha, lamuika mwana pa ngozi ya TB, lamuonetsa kuchira kwa miyezi itatu, n'kumutsekeranso khomo la mankhwala omwewo. Chisoni chake n'choti banjalo lachita zimenezi chifukwa cha chikondi. Dokotala asayambe dripi yoyamba ngati mabotolo a chaka chonse a mwanayo sali kale m'firiji ya boma.

Nanga ndalama? Funsoli ndi lachilungamo ndipo sindilithawa. Zaka za m'mbuyomu mtengo wa mankhwalawa unali wosayandikirika. Koma kuyambira 2013, pamene mayiko a ku Ulaya anavomereza infliximab wopangidwa ndi kampani ya Celltrion ya ku South Korea, pabwera makampani ambiri opanga ofanana nawo otchedwa ma biosimilar, ena a ku India, ndipo mitengo yatsika kwambiri kumene maboma amagula mochuluka mopikisanitsa ogulitsa. Mu 2019 WHO inaika adalimumab pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri, wa akuluakulu ndi wa ana omwe, n'kutchula infliximab ngati wolowa m'malo mwake. Masamu ake tingachite tokha. Muyeso ndi mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse ya mwana. Mwana wa makilogalamu 30 amafuna mamiligalamu 150, kutanthauza mabotolo awiri, ndipo theka la botolo lachiwiri limatayidwa. Chaka choyamba amalandira madripi 8, mabotolo 16. Koma ana awiri otere akabwera tsiku limodzi pa wodi imodzi, amagawana mabotolo atatu m'malo mwa anayi. Kusonkhanitsa ana pa malo amodzi kumapulumutsa botolo limodzi pa anayi alionse musanayambe n'komwe kunenerera mtengo. Mankhwala omwewa amathandizanso ana odwala nyamakazi yotupitsa mfundo, choncho oda imodzi ingatumikire makiliniki awiri. Ndipo muwerengerenso zimene timalipira kale osaziwerenga: masabata ogona m'chipatala, magazi owonjezera, maopaleshoni obwerezabwereza, mayi wosiya geni yake pa msika wa Soweto kukakhala pambali pa bedi. Wogwira ntchito m'fakitale ya pa Mungwi Road amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake mwezi uliwonse kupita ku inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, abwana ake n'kuwonjezera 1 peresenti ina. Inshuwalansi imakhalapo chifukwa cha tsoka losowa koma lolemera, limene banja limodzi silingasenze lokha. Matenda awa ndi tsoka lotero ndendende.

Chotsutsa champhamvu koposa ndi cha kolera, ndipo aliyense wokhala ku Kanyama ali ndi ufulu wochinena mokweza. Komboniyi inamangidwa pa miyala imene madzi apansi ali pafupi, mvula ikagwa zimbudzi zokumba zimasefukira n'kulowa m'zitsime. Mliri wa 2017 mpaka 2018 unafikitsa boma poletsa anthu a ku Kanyama kuyenda usiku. Wa 2023 mpaka 2024 unapha anthu opitirira 700, bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegulidwa. Ndiye munthu angafunse kuti, ana akufa ndi madzi akuda, inu mukukamba za botolo lodula la ana owerengeka pa zala? Yankho langa ndi lakuti madzi aukhondo ndi zimbudzi zabwino zikhale patsogolo, lero ndi mawa, ndipo palibe botolo limene lingapose mpopi. Koma mapaipi ndi ngalande za Kanyama zimafuna ndalama zochuluka kwambiri kotero kuti ndalama ya mankhwala a ana ochepawa singakumbe ngakhale ngalande ya msewu umodzi. Kuwamana sikuwonjezera mpopi pena paliponse. Tinamvapo kale mawu otere. Panali nthawi imene anthu ophunzira ankanena kuti ma ARV ndi odula, ndi ovuta kumwa, sangatheke mu Africa, tingolimbikira kupewa. Mu 2004 makiliniki a m'makomboni a Lusaka anayamba kuwapereka, ndipo ambiri amene akuwerenga nyuzipepala ino ali ndi m'bale amene ali moyo chifukwa choti mawu aja sanamveredwe. Mu 2007 dziko linatsegula Cancer Diseases Hospital kolera isanathe, ndipo palibe amene anganene lero kuti chipatalacho chitsekedwe mpaka zimbudzi zonse zitakonzedwa.

Palinso onena kuti awa ndi matenda a azungu. Kale mabuku ankaphunzitsa choncho. Mu 2020 Phoebe Hodges ndi Paul Kelly anasanthula zimene zinalembedwa za matendawa mu Africa, ndipo chimene chinaonekera ndi kuchepa kwa malipoti kunja kwa South Africa, m'mayiko amene makamera ounikira matumbo ndi akatswiri opima tinyama ndi ochepa. Kumene kulibe chounikira, matenda amalembedwa dzina lina, kamwazi kapena kunyentchera, ndipo mwana amaikidwa m'manda ndi dzina limenelo. Ku China, ku India ndi ku South America matendawa anachuluka pamene anthu anasamukira m'mizinda ndi kusintha kadyedwe. Lusaka akuyenda njira yomweyo, ndipo zakudya zambiri za m'mapaketi zimene zikulowa m'malo mwa ndiwo zamasamba zimatuluka pa mageti a m'dera lomweli la mafakitale.

Sindikunena kuti mwana aliyense wa Crohn aikidwe pa dripi. Malangizo a madokotala a ana a ku Ulaya amati kwa ana ambiri chithandizo choyamba chikhale chakudya chamadzi chapadera, chonga mkaka, chomwa chokhachokha kwa masabata 6 mpaka 8, popanda nsima kapena china chilichonse. Chimazimitsa kutupa mofanana ndi prednisolone, chimanenepetsa, ndipo sichidzutsa TB. M'dziko ngati lathu chimenechi chiyenera kukhala pa shelefu ya ZAMMSA ngakhale ma biologic asanafike, ndipo anamwino athu amene anazolowera kupereka mkaka wa ana onyentchera sangavutike kuchiphunzira. Koma chimangoyambitsa kuchira, sichisunga mwana zaka zambiri, sichitseka thumbo loboola, ndipo pa ulcerative colitis sichigwira ntchito. Makolo auzidwenso zoopsa zina mosabisa, m'chinenero chawo: matenda a tizilombo amene angakule msanga, zidzolo, komanso khansa ina yosowa kwambiri ya m'chiwindi ndi kapamba imene yaoneka makamaka mwa anyamata olandira ma biologic pamodzi ndi azathioprine. Mayi amene wauzidwa zonsezi bwinobwino, pamodzi ndi zimene zingachitike mwana akapanda kulandira, amatha kusankha. Chimene sitiyenera kuchita ndi kumusankhira mwakachetechete pomubisira kuti mankhwalawo alipo padziko.

Chatsala ndi kuba. Mu May 2025 kazembe wa America, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lawo lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pachaka chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala operekedwa mwaulere. Wina anganene kuti botolo lodula chonchi silingagone usiku umodzi m'nyumba ya boma. Koma mankhwala a ana ochepa odziwika mayina ndi osavuta kuwalondera kuposa mapiritsi mamiliyoni omwazikira m'makiliniki mazana. Botolo lililonse lili ndi nambala, lichoke pa Mukwa Road kupita ku firiji imodzi, lilembedwe pa dzina la mwana mmodzi ndi tsiku lake la dripi. Likasowa, mayi amene wabwera ndi mwana wake pa tsikulo adziwa pompo, ndipo sadzakhala chete.

Choncho pempho langa likupita ku Ndeke House, likulu la Unduna wa Zaumoyo. A Nduna ya Zaumoyo, lamulani kuti mwana wa kamwazi wosatha atumizidwe ku UTH msanga, ndipo mutsegule kaundula mmodzi wa ana onse opezeka ndi matendawa m'dziko muno. A bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA aunike ma biosimilar mosamala ndi mwachangu. A NHIMA alipire kuunika matumbo, kupima TB, chakudya chamadzi chija ndi dripi ngati mtolo umodzi, ndipo ana a makolo osalembedwa ntchito asasiyidwe kunja. A ZAMMSA asunge mabotolo a chaka chathunthu pa mwana aliyense asanabayidwe singano yoyamba. Ndipo inu mayi kapena bambo amene muli ndi kabuku kolembedwa Flagyl katatu, mwana akuondabe, tengani kabukuko mawa, muonetse masamba onse, mupemphe kalata yopita ku UTH.